Mmene Anamuzondera Ambokile

Ambokile sanapite ku Uliwa kukayezetsa magazi. Anapita kukapunthitsa mpunga, koma anapeza magetsi atazima, ndipo poti munthu sungakhale tsiku lonse ukuyang'ana chigayo chosalira, anakaima pamzere womwe unali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Anthufe mzere sitiyamba taufunsa kumene ukupita. Timayamba taima, kufunsa pambuyo. Atafika kutsogolo anapeza kuti ndi achipatala akubaya anthu chala mwaulere, ndipo kubwerera pamenepo zikanakhala zamanyazi.

Kamakina kawo kataonetsa nambala, anamuuza kuti m'mawa mwake akafike kuchipatala asanalawe kanthu. Kumeneko anamubayanso, kenako anamulowetsa kwa namwino wina dzina lake Ireen, mayi wa ku Dedza wolankhula mosathamanga.

"Bambo, matenda a shuga mulibe," anatero namwinoyo. "Koma mwaima pakhomo pake penipeni."

"Sono a nesi, ndikudwala kapena yayi?"

"Simukudwala. Koma bwinonso simuli."

Ambokile anadziwiratu kuti yankho limeneli kunyumba silikafika lamoyo.

Namwinoyo anamufunsa ntchito yake. Iye anati amalima mpunga ku sikimu yothirira ya Hara, koma kale, mgodi wa Kayelekera usanatsekedwe, ankapaka penti zitsulo kumeneko.

"Ndiye dzimbiri mumalidziwa."

"Dzimbiri ndi mbale wanga. Landidyetsa zaka zingapo."

"Chabwino. Thupi limawotcha shuga kuti lipeze mphamvu. Powotchapo pamatuluka tinthu tina tolusa, tomwe timadya mitsempha ya magazi pang'onopang'ono ngati mmene dzimbiri limadyera chitsulo. Zimachitikira aliyense, ndipo thupi lili ndi zodzitetezera zake, tingoti penti wake. Wina limapanga lokha, makamaka munthu akamagwira ntchito mpaka kutuluka thukuta. Wina limamupeza m'masamba, m'nyemba, mu mtedza ndi m'zipatso. Koma shuga akachuluka m'magazi, dzimbiri limachuluka kuposa penti. Limayambira timitsempha tating'ono, m'maso, mu impso, kumapazi."

Za maso ndi mapazi Ambokile sanafunike kuuzidwa. Mayi ake omubereka anapita ndi shuga yemweyu. Anayamba ndi kuona ngati kunja kuli nkhungu, kenako anasiya kuona, kenako kabala kakang'ono ka pachidendene kanakana kupola mpaka kanatenga mwendo. Ambokile anakhala pampando wa chipatala uja akumva zala zake za kumapazi zikudzipinda zokha m'nsapato. Anachita mantha, mantha enieni.

"Nkhani yabwino ndi yakuti pakhomo pamenepa ambiri amabwerera osalowa," anatero Ireen. "Mpunga pambale uchepe, masamba achuluke. Zakumwa za m'mabotolo ndi shuga wa mu tiyi musiye. Koma khasu ndi njinga musasiye ayi. Mudzabwerenso mvula ikamayamba, tidzaone ngati mwabwerera kapena mwalowa."

Anatuluka atalimba mtima. Khasu anali nalo, njinga anali nayo, bonongwe amamera yekha kuseri kwa bafa. Sanaonepo matenda otchipa chonchi.

Kunyumba anapeza mkazi wake Yunike akupeta mpunga pabwalo. Anamufotokozera zonse mwadongosolo, kuyambira magetsi mpaka penti. Yunike anamvetsera lichero lili m'manja, ndipo pa mawu onsewo anatolapo amodzi okha: shuga.

Tisamuweruze msanga mayiyu. Ndi iyeyo amene anadwazika apongozi ake mpaka tsiku lomaliza, kuwasambitsa, kuwatsuka bala, kuwatsogolera kuchimbudzi. Koma pamaliro, azilamu ake ochokera ku Kaporo, omwe nthawi yonse ya matenda ankangotumiza moni pafoni, analankhula mokweza kuseri kwa nyumba kuti gogoyo akanakhala ndi moyo akanapanda kumulekerera kupita kumunda ali wodwala. Yunike anamva, ndipo mawuwo sanawaiwale.

"Anyina Emma, akuti sindikudwala," anatero Ambokile, pomutchula mkazi wake ndi dzina la mwana wawo.

"Amama nawonso ankatero."

"Akuti ndizigwira ntchito. Thukuta ndiye mankhwala."

"Awiske Emma, dokotala wake uti angauze munthu wa shuga kuti azikalowa m'matope a ku sikimu? Mukakaponda chigoba cha nkhono? Phazi la amama mwaliiwala? Amuna mukapita nokha kuchipatala mumabwerako ndi mawu amene mwasankha."

Dzuwa lisanalowe khasu linali litasowa. Njinga inapita kwa Kenan, mchimwene wake wa Yunike, kuti ikasungidwe, ndipo Kenan anaisunga poikwera tsiku lililonse. Pakhonde panaikidwa mpando wa ndalema uja wa alendo, ndi pilo.

Lamlungu dzina lake linatchulidwa kutchalitchi. Mkulu wa zolengeza ali ndi malo a odwala, a oferedwa ndi a amene ali paulendo. Malo a munthu woima pakhomo pa matenda alibe, choncho anamuika kwa odwala. Ambokile, amene anakhala pabenchi yachitatu ali bwinobwino, anamva mpingo wonse ukubuula momumvera chisoni, ndipo anthu anayamba kumucheukira ngati akumuona komaliza.

Lolemba anthu anayamba kubwera kudzazonda.

Kuzonda wodwala kuli ndi malamulo ake, ngakhale sanalembedwe paliponse. Supita chimanjamanja. Supitanso ndi chinthu chomwe wodwalayo angathyole yekha kuseri kwa nyumba, chifukwa kumeneko n'kumunyoza. Umapita ndi cha m'sitolo: paketi ya shuga, buledi, mabanzi, ndipo koposa zonse botolo la chakumwa chozizira. Botololo ndi lagalasi, ndipo mwini sitolo amafuna libwerere tsiku lomwelo. Ndiye mlendo amalitsegula yekha, kulipereka ndi manja awiri, n'kukhala pamphasa kudikira kuti wodwala amalize. Amayang'ana pakhosi pako chakumwa chikutsika. Ukamwa amati chiyembekezo chilipo. Ukasiya theka, mbiri imafika kumsika kuti wayamba kukana zakudya.

Woyamba kufika anali mayi wina wokalamba wa kumpingo, wamasiye, amene aliyense ankadziwa kuti anagulitsa mazira a nkhuku yake kuti agule botololo. Ambokile anakana mwaulemu. Anafotokoza za dzimbiri. Gogoyo anayang'ana botolo, anayang'ana pansi, n'kufunsa motsitsa mawu ngati wamva zoipa zilizonse za iye, poti masiku ano okalamba amanamiziridwa zambiri. Yunike, ali pakhomo, anamuponyera mwamuna wake diso limodzi. Ambokile anamwa.

Wachiwiri anamukana pang'ono. Wachitatu anangomuthokoza kuti, "Ndaga, mwavutikiranji," dzanja litatambasuka kale.

Kenan ndiye anabweretsa sayansi. Anati iye anaona ndi maso ake munthu wa shuga atakomoka m'basi ku Chilumba, ndipo anthu anamudzutsa ndi switi. Choncho munthu wa shuga safunika kutalikirana ndi zotsekemera. Nkhaniyo inali yoona, kungoti munthu wa m'basiyo anali pamankhwala ndipo anali asanadye, koma mbali imeneyo Kenan sanaione poti anatsikira panjira. Kuyambira tsiku limenelo tiyi wa Ambokile ankathiridwa shuga ndi dzanja lachifundo.

Ndipo tinene zoona, Ambokile naye sanali wosalakwa. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuwerama m'matope, lero akudzuka n'kupeza madzi osamba ofunda, mbale ya mpunga wa kilombero wodzaza mpaka kusefukira, nyama yankhuku pakati pa sabata, achinyamata a kumpingo akumuwokerera mpunga akuimba nyimbo, iye ali pamthunzi. Anthu amene kale ankamudutsa osamupatsa moni tsopano ankagwada pomulankhula. Mantha anali nawo ndithu, koma mantha amavuta kuwasunga pamene m'manja muli botolo lochita thukuta ndi kuzizira. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Mwambiwu Ambokile ankaudziwa, ndipo ankaukumbukira kawirikawiri akamaliza kumwa.

Tsiku lina chikumbumtima chinamukulira. Anadzuka m'mamawa Yunike atapita kumjigo, anabwereka khasu kwa mnansi wina wosapemphera, n'kulowera ku sikimu. Matope atamugwira m'miyendo anamva ngati wabwerera kwawo. Anakonza mzere umodzi wa madzi, thukuta linayamba kutsika, ndipo mumtima anati penti uja wayamba kupangidwa.

Koma sikimu ilibe chinsinsi. Ndi malo athyathyathya, munthu amaoneka ali kutali ngati kakowa. Azimayi a m'minda yoyandikana anaimika ntchito, mmodzi anathamanga, ndipo posakhalitsa Yunike anatulukira pamzere wa ngalande, chitenje chili m'manja, wopanda nsapato. Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala zosavuta. Anaima m'mphepete mwa munda anthu onse akuona, misozi ikungoyenda.

"Awiske Emma, ndakulakwirani vichi? Mukufuna anthu adzanene kuti ndapha wachiwiri?"

Ambokile anamuyang'ana mkaziyo, amene anamukwatira ali ndi buluku limodzi, ndipo anamumvera chisoni chachikulu. Dzimbiri silioneka, koma misozi ya mkazi wako imaoneka. Anatuluka m'matope, Yunike anagwada pomwepo n'kumutsuka mapazi ndi madzi a m'ngalande, akuyang'ana chala chilichonse ngati pali bala. Anabwerera kunyumba pa njinga yamoto, poti wodwala sayenda wapansi.

Nkhani ya kuthawa kwake inachititsa kuti ozonda achuluke. Anati matenda ayamba kumusokoneza mutu.

Mmodzi yekha ndiye anabwera mosiyana. Yasini anali mwini sitolo ku Uliwa, Myao wa ku Mangochi amene anabwera kudzagulitsa nsalu n'kukhazikika, ndipo iyeyo shuga anali naye weniweni, wa mapiritsi. Ankadziwana ndi Ambokile chifukwa chogulana mpunga. Anafika Loweruka masana, kofiya kumutu, atanyamula jumbo. M'jumbomo munali chisoso, chigwada, tomato, magwafa ndi mtedza wosakazinga.

Yunike analandira ndi manja awiri monga mwa mwambo, n'kukalowa nazo kukhitchini. Kumeneko anauza mnzake, mosatsitsa mawu kwenikweni, kuti waona zambiri pamoyo wake koma sanaonepo munthu wokhala ndi firiji yodzaza akubweretsera wodwala udzu.

Yasini anamva, anamwetulira, n'kukokera mpando pafupi.

"Achimwene, mwanenepa."

"Akundisamala."

"Ndikuona. Wallahi, mabotolo mukumwawa akuchokera mu shopu mwanga. Akabwera ndimawauza kuti tengani mtedza, tengani sopo. Amati kodi tikukazonda wodwala kapena mkaidi? Ndikakana kugulitsa amangolowa kwa Nasri khomo lotsatira. Ndiye ndimagulitsa, kenako usiku ndimapempha Mulungu andikhululukire."

"Nanga ndichite uli, a Yasini? Ndimukane gogo amene wagulitsa mazira?"

"Ine diso ili lamanzere linayamba kale kuchita chifunga," anatero Yasini akuloza. "Pamene ndinali pakhomo ngati inu, panalibe wondiuza. Inu mwauzidwa. Atengeni alamu mupite nawo kwa nesi uja, akamve okha ndi makutu awo."

Malangizowo anali abwino, ndipo Ambokile anawapereka madzulo omwewo. Yunike anati adzapita limodzi ndithu, pa tsiku limene achipatala ananena, mvula ikamayamba. Pakali pano sangachoke pakhomo, nanga alendo akabwera awalandira ndani? Chisoso chija chinadyedwa ndi mbuzi. Magwafa anadya ana a anansi.

Kunatentha monga kumatenthera ku Karonga, mpaka malata kumalira okha masana. Ambokile anayamba kumva ludzu losatha, ndipo ozonda anasangalala poona kuti tsopano akumaliza botolo osapumira. Usiku ankadzuka kangapo kukataya madzi. Lamlungu lina anatsegula buku la nyimbo n'kupeza zilembo zikusungunuka, ndipo anaimba pamtima kuti Yunike asazindikire. Atabwerera kunyumba anakhala pampando wake uja akuyang'ana mapiri a kumadzulo kuti aone ngati akuonekabe bwino.

Mitambo itayamba kusonkhana, Yunike anachapa malaya oyera a mwamuna wake, iye anavala chitenje chatsopano, n'kuitana njinga zamoto ziwiri. Ankapita kuchipatala ngati mwana amene akukalandira zotsatira za mayeso akudziwa kuti anawerenga.

Anamubaya chala. Anamutenganso magazi a pamkono. Anadikira panja mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako Ireen anawaitana onse awiri. Anayang'ana zotsatira, anayang'ana mimba ya Ambokile, n'kuvula magalasi.

"Bambo, mwalowa," anatero. "Tsopano ndi shuga weniweni. Muyamba mapiritsi lero, ndipo maso anuwo tikufuna akaonedwe. Koma ndiuzeni, chinachitika n'chiyani? Munatuluka muno muli munthu woti abwerera."

Ambokile anatsegula pakamwa, koma Yunike anamutsogolera. Anakhala tsonga, manja pamaondo.

"A nesi, ine mbali yanga ndinachita, Chiuta ndi mboni. Kuyambira tsiku lija munawauza, khasu sanaligwire. Kamodzi kokha anandizemba, ndinakawatenga. Njinga ndinachotsa pakhomo. Kutchalitchi, pafupi pomwepa, amapita pa njinga yamoto. Mpunga sanasowe, wa kilombero weniweni, osati wosweka. Masamba sindinawapatse ngati munthu wosauka, yayi. Tiyi wa mkaka, shuga wokwanira kuti asakomoke. Ndipo anthu a ku Hara anatigwira dzanja, a nesi. Palibe tsiku limene anagona osamwa chozizira. Masiku ena mabotolo atatu."

Anamaliza n'kuyang'ana namwinoyo m'maso, kudikira.

Ireen wagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo anthu osamvera malangizo amadziwa kuwakalipira. Koma uyu sanadziwe pomuyambira. Anapuma mozama, n'kuyamba kuti, "Mayi, zimene mwatchulazo..."

"N'za kumtundu, a nesi," Ambokile anamudula. Mawu ake anatuluka okwera kuposa mmene anafunira. "Amama anali nawo. Agogo mwina analinso nawo. Akanabwera basi, ngakhale zikanatani. Mayi awa andisamala kuposa munthu aliyense."

Namwinoyo anamuyang'ana. Kenako anabwezera magalasi pamphuno.

"Mtundu umathandizira, n'zoona," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye tiyeni tikambe za kuyambira lero. Mayi, mumvetsere inuyo, poti mphika ndi wanu."

Ndipo ananena zonse zija ananena poyamba, dzimbiri, penti, masamba, thukuta, mabotolo, osawonjezera, osachotsera, osaloza munthu chala. Anati dzimbiri likadya chitsulo sichibwerera mwakale, koma likhoza kuimitsidwa pomwe lafika, ndipo maso ndi mapazi akhoza kupulumuka. Anati Ambokile kumunda azipita atavala majombo. Yunike sanali wopusa. Ambokile anaona nkhope ya mkazi wake ikusintha pang'onopang'ono, mawu aliwonse akugwera pa chinthu chimene iye anachichita ndi manja ake awiri miyezi yonseyi. Msana uja unali tsonga unayamba kupindika. Pomaliza anangoti, "Yewo, a nesi," ndi mawu a munthu amene walandira uthenga wa maliro.

Analandira mapiritsi pawindo n'kutuluka. Kunja kunali kotentha, mitambo yakuda itaunjikana cha kunyanja. Anayenda mpaka pamsewu.

"Munandiuza," anatero Yunike, akuyang'ana phula. "Tsiku loyamba lomwe lija munandiuza."

"Ndinkamwa ndine, anyina Emma. Palibe ananditsegula pakamwa."

"Musandinamize ngati mmene mwanamizira nesi."

Ambokile anafuna kumugwira dzanja, koma pamsewu pali anthu, ndipo iwo si a msinkhu umenewo.

Wa njinga yamoto wina anawaona, anakhota n'kudzaima patsogolo pawo injini ikulira. "Hara, mama? Tiyeni, mvula iyo. Odwalawo akwere kaye, inu ndikuitanirani mnzanga."

Yunike anayang'ana njingayo, anayang'ana mwamuna wake kuyambira kumaso mpaka kumapazi.

"Pitani," anauza wa njingayo. "Tiyenda."

"Mama, Hara ndi kutali."

"Ndati tiyenda."

Anamangitsa chitenje, analanda kajumbo ka mapiritsi m'manja mwa Ambokile, n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa msewu, mofulumira, osacheuka. Ambokile anamutsatira. Miyendo inali yolemera, mpweya unkamuthera, ndipo asanafike patali malaya oyera aja anali atamatirira kumsana. Patsogolo pake ankaona mapewa a mkazi wake akugwedezeka, ndi dzanja likupita kumaso kawirikawiri. Sanamuitane kuti achepetse liwiro.